Ndege za pa Chingodzi zikutidzutsira ana, tichite bwanji?

Mayi a Tadala (Chingodzi): Moni nonse a m'gulu lathu la ana a ku Angónia okhala mu Tete. Mundipirire, nditalikitsa pang'ono. Mwezi wa June tinalowa m'nyumba yathu kuseri kwa bwalo la ndege kuno. Tsiku limene tinabwera kudzaona malowa linali Lamlungu m'mawa, kunali zii, tinkangomva njiwa mumlambe. Wogulitsa sanatchule za ndege, nafenso sitinafunse. Pano mwana wanga wa miyezi inayi tulo tamasana anatiiwala. Ndimamubereka, kuzungulira naye nyumba, kumugoneka pamphasa mosamala ngati dzira, ndiye akangotseka maso chinthu chija chatulukira. Malata amachita kunjenjemera, makapu m'kabati kumagundana, mwana n'kudzidzimuka timanja m'mwamba. Dzulo ndinalira naye limodzi. Kodi palibe kumene tingakadandaule kuti bwaloli alisunthire kutali, kapena ndegezi zizidzera kwina? Thengo lonseli lili mpaka ku Zobue, asankhiranji pamutu pathu?

Yohane wa Txopela: Pepani amayi, koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Bwalolo munalipeza.

Aphunzitsi Nachisale: Iwe Yohane, munthu akulira iwe ukuponya miyambi? Iweyo ndege ikatera umathamangira kukatenga makasitomala, ndiye kwa iwe ndi nyimbo.

Yohane wa Txopela: Sindikukana aphunzitsi. Ikamabwera mtima wanga umati ndiwo zija zafika.

Madala Jere (Matundo): Mwana wanga Mayi a Tadala, pepa. Ine ndinagwira ntchito pabwalo la ndege zaka zambiri. Sindinali woyendetsa ayi, ndinali wa pansi, wokoka ngolo za katundu ndi kuika zotsekera mateyala ndege ikaima. Ndiye ndikuuze chifukwa chake zimadzera pamutu pako. Bwalo lathuli lili ndi msewu wa ndege umodzi wokha, wautali pafupifupi makilomita awiri ndi theka, ndipo unagona kuchokera kumpoto kuloza kummwera. Ndege ilibe chochita, iyenera kulowera mbali imodzi kapena inayo. Chimasankha mbali ndi mphepo. Ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, monga mmene khwangwala amachitira akamatera pamtengo, chifukwa mphepo yochokera kutsogolo ndiyo imanyamula mapiko. Ikakhala kumbuyo ndege imadya msewu wambiri, ndipo ndi ngozi. N'chifukwa chake masiku ena umaimva kwambiri, masiku ena imachita ngati yakuiwala.

Potera imatsata mzere wotsetsereka pang'onopang'ono, madigiri 3. Ndiye kuti ikatsala ndi kilomita imodzi kuti mateyala agunde pansi, imakhala m'mwamba mamita ongopitirira 50. Sanjikiza milambe itatu, basi ndi pomwepo. Ikatsala ndi makilomita awiri, mamita ongopitirira 100. Makilomita omalizawa woyendetsa sangakhotekhote kuti azembe nyumba ya munthu, amayenera kulunjika ngati muvi. Ndiye ndikufunse, nyumba yako ili m'mbali mwa mpanda, kapena ili kumapeto kwa msewu wa ndege, moti ikamabwera umaiona pamimba?

Mayi a Tadala (Chingodzi): Ndimaiona pamimba Madala. Mateyala ndimachita kuwawerenga.

Madala Jere (Matundo): Ndiye uli m'njira yake yeniyeni. Mnzako amene ali m'mbali, ngakhale atakhala pafupi ndi waya kuposa iwe, samva zimene ukumvazo.

Gogo Nangozo (Ulongwe): Bwererani kumudzi ana inu. Kuno chotidzutsa ndi tambala yekha, ndipo akavuta timadya.

Bambo a Dalitso (Moatize): Achemwali, mawu akuti kusuntha muwalankhule motsitsa. Ife a kuno ku Moatize tinaona. Anthu akuluakulu akakhala pansi n'kuyamba kuyeza kuti chosavuta kusuntha n'chiti pakati pa msewu wa phula wa makilomita awiri ndi theka ndi nyumba zanu za zidina, mukuganiza kuti asuntha chiti? Mu 2009 ndi 2010 mabanja mazanamazana anachotsedwa kuno chifukwa cha malasha n'kukaikidwa ku Cateme, kutali ndi msika, kutali ndi mtsinje wa Revúbuè kumene ankalima madimba ndi kuumba njerwa. Pofika January 2012 anthu omwewo anakatseka njanji chifukwa cha kuwawa mtima. Si nkhani yanga yopeka, dziko lonse linamva. Ndiye musanapemphe chosuntha, dzifunseni kuti mukufuna kukakhala kuti.

Ndiponso kunena zoona, ndege zanuzo ndi zingati patsiku? Zowerengeka ndi zala. Bwerani mudzagone kuno usiku umodzi mudzamve sitima za malasha ndi kuphulitsa miyala kumgodi, mudzabwerera kwanu mukuyamika.

Mayi a Tadala (Chingodzi): Achimwene, chilonda chanu kukula sichichiritsa changa.

Aphunzitsi Nachisale: Eya, wayankha bwino. Ine ndilankhule za kusukulu, popeza ndimaphunzitsa ana a kalasi yachiwiri chakomweko. Ndege zichepe bwanji, imodzi yokha ikadutsa pakati pa phunziro ndimasiya choko. Phokoso lenileni silifika mphindi imodzi. Koma ana makumi asanu ndi limodzi aja athamangira pazenera, ena atuluka panja akukuwa kuti ndege ndege, wina wapondedwa chala akulira, ndiye kuti ndiwakhazikenso pansi n'kuwakumbutsa kuti tinali pa silabo iti, mphindi khumi zapita. Kalasi lathu lilibe siling'i, mazenera alibe magalasi, ndiye mkokomo umalowa wonse ngati tili pabwalo.

Pamene ndinkachita maphunziro a uphunzitsi tinawerenga za ku Munich, ku Germany. Mu 1992 anatseka bwalo lakale la ndege n'kutsegula latsopano kwina. Akatswiri anayesa ana a mbali zonse ziwiri, asanasamutse ndi atasamutsa. Ana oyandikira bwalo lakale, phokoso litatha, anayamba kuwerenga ndi kukumbukira bwino kuposa kale. Oyandikira latsopano ndiwo anayamba kutsalira. Ndikudziwa kuti Munich si Tete, ndege zawo ndi mazanamazana patsiku. Koma ndinatolapo chinthu chimodzi: chimavulala mwa mwana si khutu, ndi chidwi chimene chimaduka.

Chaka chatha ndinalemba kalata kupempha kuti mwina atithandize siling'i ya makalasi awiri okha. Ndinakaisiya ku ofesi ina, sindiitchula. Anaidinda chidindo, anandiuza kuti ndibwere sabata yamawa. Ndinapita maulendo anayi. Ulendo wachinayi munthu amene anailandira anali pa tchuthi ndipo kalatayo palibe amene anaionapo.

Yohane wa Txopela: Maulendo anayiwo awiri ndinakunyamulani ndine, ndipo kamodzi simunandilipire.

Aphunzitsi Nachisale: Ndinakuphunzitsa kulemba dzina lako, tafanana.

Anamwino Nabanda: Ndiyankhe za mwana, chifukwa ndikuona kuti mayiyu mantha ake ali pamenepo ngakhale sananene. Mayi a Tadala, ndege zochepa patsiku zodutsa pamwamba pa nyumba sizimugonthetsa mwana. Ugonthi wa phokoso umabwera kwa munthu amene amakhala m'phokoso lalikulu maola ambiri tsiku ndi tsiku. Muyezo umene amagwiritsa ntchito kumalo antchito ndi madesibelo (muyezo wa kukula kwa phokoso) 85 kwa maola 8, ndiye oti aziopa ndi a pachigayo, owotcherera zitsulo, ndi anthu ngati Madala Jere amene ankaima pansi pa injini. Chonde musamuike thonje m'makutu, ena amatero, kenako timavutika nalo kuchipatala.

Chimene phokoso la ndege limaononga ndi tulo. Munthu ukhoza kunena kuti ndinazolowera, sindidzukanso, koma thupi limamvabe, mtima umathamanga pang'ono nthawi iliyonse. Zikachitika zaka zambiri, makamaka usiku, zimathandizira kuthamanga kwa magazi. Bungwe la WHO mu 2018 linatulutsa malangizo a mayiko a ku Ulaya onena kuti phokoso la ndege, polisonkhanitsa la tsiku lonse, lisapitirire madesibelo 45, ndipo la usiku lisapitirire 40. Imeneyi ndi miyezo yotsika kwambiri, kucheza kwa anthu awiri pakhonde kumafika cha m'ma 60, koma musasokoneze, iwo akunena za phokoso logawidwa pa maola onse, osati la kanthawi kamene ndege ili pamutu.

Amene ndikumudera nkhawa ndinu mayi. Mwana akadzuka amagonanso. Inu mumagona liti?

Mayi a Tadala (Chingodzi): Anamwino mwandifunsa funso limene bambo ake sanandifunsepo.

Madala Jere (Matundo): Za makutu anamwino anena zoona. Khutu langa lamanzere linapita. Ankatipatsa zotseka m'makutu koma ndi kutentha kwa Tete thukuta limadzaza m'katimo, ndiye tinkazikoloweka m'khosi ngati mkanda. Uchitsiru wa unyamata.

Kutenthako kulinso ndi mbali yake pankhaniyi, ambiri sadziwa. Mwezi wa October ndi November kuno kumapitirira madigiri 40. Mpweya wotentha ndi wopepuka, mapiko sagwira bwino, injini nazo sizikoka monga zimakokera kukazizira. Ndiye ndege yonyamuka masana dzuwa lili paliwombo imathamanga mtunda wautali isanadzuke, ndipo imakwera mwaulesi. Ikamadutsa pa nyumba zoyambirira imakhala ikadali pansi, injini zili pamoto wonse. Ndege yomweyo m'mawa wa June imakhala itakwera kale. Ndiye mwana wanga, ngati wavutika kuyambira June, konzeka, miyezi ikubwerayi ndiyo yovuta.

Koma inu ana simunamve phokoso. Ife tinagwira Boeing 737-200, ija ya injini zowonda zazitali ngati ndudu pansi pa mapiko. Imeneyo ikanyamuka unkaimva m'mano, mbuzi zinkadula zingwe. Injini za masiku ano n'zonenepa, kutsogolo zili ndi chikupizo chachikulu chimene chimakankha mpweya wambiri mozungulira, osadutsa pamoto, ndiye mpweya wotuluka suthamanga mokalipa ngati kale. Zija zamapiko ozungulira, monga Dash 8, kulira kwake n'kwina, kong'ung'udza, kumalowa m'khoma. Chinanso chimene a m'mbali mwa mpanda amamva ndi mkokomo uja ndege itangogunda pansi. Pamenepo woyendetsa amatembenuza mpweya wa injini kuti uloze kutsogolo, kuthandiza mabuleki.

Mmisiri Phiri: Ndalowa mochedwa, ndinali padenga la munthu. Mayi a Tadala, nyumba yanu ndikuiganizira ngakhale sindinaione: zidina, malata opyapyala aja otchipa, siling'i palibe, ndipo pakati pa khoma ndi malata pali mpata woti mkono n'kulowa. Ndanama?

Mayi a Tadala (Chingodzi): Mwachita ngati munamanga ndinu. Mpatawo tinausiya dala kuti mphepo izilowa.

Mmisiri Phiri: Ndiye vuto lathu la Tete ndi limenelo. Polowera mphepo ndi pomwe polowera phokoso. Azungu akamanena zotseka phokoso amati ika magalasi awiriawiri, tseka zonse. Kuno utseke zonse mwezi wa November, mwanayo umupeza atapsa ngati mbatata. Amene ali ndi makina oziziritsa m'nyumba angathe, koma magetsi ake alipira ndani?

Ine chimene ndaona chikuthandiza ndi ichi. Phokoso la ndege limachokera kumwamba, ndiye khomo lake lalikulu ndi denga. Lata lokha ndi ng'oma, silitchinga kanthu. Phokoso limaopa chinthu cholemera. Musavutike ndi nyumba yonse, sankhani chipinda chimodzi, chimene zenera lake lafulatira bwalo la ndege. M'menemo ikani siling'i yolemera, ya mabolodi a jeso kapena matabwa okhuthala, osati kapulasitiki kopepuka kaja, kamene kaja n'kokongoletsa chabe. Musiye mpata pakati pa siling'i ndi malata, ndipo pamwamba pa siling'iyo muyale chofewa. Ena amagula ubweya wa galasi uja wa m'mashopu a zomangira, koma ine ndayalapo mphasa za bango ziwiri zosanjikiza ndipo kusiyana kumamveka. Zimachepetsanso kutentha. Kungoti musamale ndi mawaya a magetsi, adutse m'mapaipi, chifukwa bango ndi moto ndi pachibale, komanso makoswe amakondamo. Mpata wa pamwamba pa khoma m'chipinda chimenecho mutseke ndi matope kapena simenti, mphepo izilowera pazenera lakuseri lija. Chitseko chikhale chathabwa lenileni, pansi pake mukhomere chidutswa cha tayala.

Sindikunamizani kuti ndege simudzaimva. Mudzaimva. Koma kusiyana kwa kudzidzimuka ndi kungotembenuka kuli pamenepo.

Gogo Nangozo (Ulongwe): Mwaona? Mwazungulira dziko lonse mwabwerera ku bango. Nyumba ya udzu ija munkaiseka.

Mmisiri Phiri: Agogo simunanama. Denga la udzu lokhuthala silichita phokoso ngakhale mvula ya matalala. Kungoti mwana wa masiku ano umuuze kuti afolere udzu mu mzinda, akuona ngati wamutukwana.

Mayi a Chisomo (Chingodzi): Nanga mitengo? Ine ndinamva kuti mitengo imamwa phokoso, ndabzala nimu kuzungulira nyumba yonse.

Mmisiri Phiri: Musazule, mthunzi ndi wofunika. Koma mzere umodzi wa mitengo sutchinga ndege imene ili pamwamba pa mitengoyo. Chimene chimathandiza a m'mbali mwa mpanda, pa phokoso la ndege ikakhala pansi, ndi khoma lalitali kapena chulu cha dothi chounjikidwa. Ikadzuka, basi, khomalo latha ntchito.

Chikondi (ku sukulu ku Maputo): Mana Tadala, pepani ndi zimenezi. Ndiikepo za malamulo pang'ono, popeza ndi zimene ndikuphunzira. Bungwe loona za ndege padziko lonse, ICAO, mu 2001 linagwirizana njira yothanirana ndi phokoso imene ili ndi miyendo inayi: kupanga ndege zosalira kwambiri, kukonza kagwiritsidwe ntchito ka malo ozungulira bwalo, kusintha kaulukidwe, ndipo pomaliza, zina zonse zikakanika, kuletsa ndege zina kapena maola ena. Mwendo woyamba suli m'manja mwathu, ndege sitipanga, ndipo makampani a kuno amagula kapena kubwereka zimene angakwanitse. Womaliza ndi umene anthu amaukonda. Ku Frankfurt kuyambira 2011 ndege siziloledwa kuyambira 23h mpaka 5h. Ku Sydney ndi 23h mpaka 6h. Koma kumeneko anthu ankadzutsidwa usiku wonse. Kwathu vuto la mana ndi la masana, ndiye lamulo ngati limenelo silingamuthandize, ndipo mzinda umene uli ndi ndege zochepa chonchi sungayerekeze kuzithamangitsa.

Mwendo umene uli wathuwathu ndi wachiwiri, wa malo, ndipo ndi umene tikuuthyola tokha. Kuno ku Maputo pitani ku Mavalane kapena ku Hulene mukaone, nyumba zinafika pampanda penipeni, ndege imatera ngati ikulowa m'khitchini mwa munthu. Anzathu a ku Malawi bwalo la Kamuzu analimanga ku Lumbadzi, kutali ndi pakati pa mzinda wa Lilongwe. Chingodzi nayo kale inali kunja, mzinda unali tsidya la Zambezi. Malasha atabwera, anthu tinakhamukira ku Tete, malo a tsidya lino pakati pa mlatho wa Samora Machel ndi Moatize anasanduka golide, aliyense akudula kapuloti n'kugulitsa.

Lamulo la malo, Lei de Terras la 1997, limati mamita 100 kuzungulira bwalo la ndege ndi malo otetezedwa, ndipo m'menemo munthu sangapatsidwe DUAT, chikalata cha boma cha ufulu wogwiritsa ntchito malo. Koma taonani zimene anena Madala Jere. Phokoso silizungulira bwalo ngati mpanda, limatuluka ngati lilime kumapeto awiri a msewu wa ndege, makilomita angapo. Munthu akhoza kukhala kunja kwa mamita 100, mapepala ake ali bwinobwino, koma ali pansi pa mimba ya ndege.

Zomanga bwalo latsopano tiiwale kaye. La ku Nacala linatsegulidwa mu 2014, lokongola, ndalama zambirimbiri, koma ndege zoterako ndi zochepa. Sindikuona wina akuthamangira kumanganso china chifukwa cha tulo ta Tadala.

Mayi a Chisomo (Chingodzi): Chikondi mwana wanga, sukulu yakoyo ndi yabwino koma utiphetsa. Ukudziwa kuti ambiri kuno tilibe DUAT? Tili ndi kapepala kolembedwa pamanja, kosainidwa ndi wogulitsa ndi mboni ziwiri, basi. Mukapita kukagogoda kumaofesi kuti phokoso phokoso, adzabwera ndi tepi kudzayeza mamita 100 akowo, ndiye ena tidzagona panja. Ine ndakhala kuno zaka 11, ana anga anayi anakulira m'phokoso lomweli ndipo palibe wopenga. Khoswe wa padenga asaulule wa padzala.

Mayi a Tadala (Chingodzi): Anzanga, ine sindikufuna kugwetsa nyumba ya munthu. Ndiye ndingokhala chete?

Mayi a Chisomo (Chingodzi): Uzolowera. Tonse tinalira chaka choyamba.

Anamwino Nabanda: Kuzolowera kwa mutu si kuzolowera kwa mtima, ndanena kale. Mayi a Chisomo, munayezetsa liti magazi?

Mayi a Chisomo (Chingodzi): Za magazi anga zisiyeni, akukwera chifukwa cha bambo a Chisomo, osati ndege.

Chikondi (ku sukulu ku Maputo): Tiya, mantha anuwo ndi oona, sindikuwapeputsa. Koma lamulo lomwelo limazindikiranso munthu amene wakhala pamalo ndi mtima woona kwa zaka zosachepera 10, bola malowo asakhale m'gawo lotetezedwa lija. Ndiye choyamba aliyense adziwe kuti ali mbali iti ya mamita 100, mwakachetechete, tisanapite kulikonse. Chachiwiri, pempho lathu lisakhale lokhudza nyumba zimene zilipo. Likhale la mapuloti amene sanadulidwe. Kumapeto kwa msewu wa ndege kukadali malo opanda nyumba, ndipo mawa wina akamangapo sukulu ya mkaka kapena chipatala. Malo ngati amenewo ndi oyenera magalaja, mosungira katundu, mabwalo a mpira, zinthu zosagona.

Bambo a Dalitso (Moatize): Ndipo amene akudula mapulotiwo ali m'gulu lomwe lino, akuwerenga ali phee.

Mlembi wa gulu: Achimwene, tisatchulane maina muno. Tapitirizani nkhani.

Madala Jere (Matundo): Ndiwonjeze pa mwendo wachitatu uja wa kaulukidwe, chifukwa pali tinthu tina topempheka popanda kugwetsa nyumba ya munthu. Mphepo ikakhala bata, mbali yonyamukira imatha kusankhidwa, ndiye akhoza kukonda mbali imene kuli nyumba zochepa. Ponyamuka, ndege ikakwera pang'ono imatha kukhotera kumene kulibe anthu, mwina kutsata mtsinje, ngati mapiri alola. Potsika, ikamatsetsereka mosalekeza kuchokera kutali injini zili pang'onopang'ono, siichita phokoso ngati ija yotsika msanga n'kumayenda chapansipansi ikuwonjezera moto. Kutembenuza mpweya kuja potera, msewu ukakhala wouma ndi wautali, woyendetsa amatha kukuchita mofatsa. Ndiponso kainjini kakang'ono ka kumchira kamene kamalira ndege ili chiimire, kopereka magetsi ndi mpweya wozizira, kamatha kuzimitsidwa ngati pansi pali makina opatsa magetsi. Koma kuno ndi kutentha kwathuku, ukazimitse anthu ali m'kati, akutukwana mpaka agogo ako.

Zonsezi womaliza kulamula ndi woyendetsa, ndipo chitetezo chikatsutsana ndi phokoso, chitetezo chimapambana. Oyendetsa mabwalo ndi a Aeroportos de Moçambique, oyang'anira malamulo a ndege ndi a IACM, za mapuloti ndi za kumunisipiyo. Mukasokoneza makomo atatuwa adzangokutumizanani mpaka nsapato zitatha.

Koma musapite chimanjamanja. Munthu wa muofesi ukamuuza kuti ndege zikusokosa, amati pepani. Ukamuuza kuti Lachiwiri pa 14h50 yotera inadutsa pamwamba pa sukulu ana ali m'kalasi, ndipo zachitika kakhumi mwezi uno, amayamba kufunafuna cholembera.

Aphunzitsi Nachisale: Limenelo ndiye ndingathe. Tigule makope atatu. Limodzi likhale kusukulu, limodzi kwa Mayi a Tadala, lina kwa wina wa kumapeto enawo a msewu wa ndege, kuti tisakankhire phokoso kwa anzathu osadziwa. Tizilemba tsiku, nthawi, yotera kapena yonyamuka, ndi chimene chasokonezeka. Ana anga a kalasi yachiwiri ndiwapatsa ntchito yowerenga ndege, mwina masamu alowa.

Chikondi (ku sukulu ku Maputo): Pafoni palinso timapulogalamu toyeza madesibelo. Si tolondola ngati makina a akatswiri, koma mukamagwiritsa foni imodzimodzi pamalo amodzimodzi, kusiyana kwa chipinda cha siling'i ndi chopanda siling'i kuoneka. Mungokumbukira kuti madesibelo sawerengedwa ngati matumba a chimanga. Kukwera ndi 10 khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri. Ndiye Mmisiri Phiri akakutsitsirani 10 yokha musati wakuberani.

Mmisiri Phiri: Uzinena kawirikawiri zimenezo mwana iwe, makasitomala anga amve.

Mayi a Chisomo (Chingodzi): Ine dzina langa musalilembe pa kalata iliyonse. Koma nthawi za ndege ndikuuzani, ndimazidziwa pamtima kuposa a muofesi. Ndimateleka nyemba potengera ija ya masana.

Mayi a Tadala (Chingodzi): Ndiye mundiuze anzanga, ndizimugoneka itadutsa kale. Ine ndimangolimbana nayo osadziwa nthawi yake.

Mayi a Chisomo (Chingodzi): Ikasunga nthawi. Ikachedwa nyemba zimapserera.

Yohane wa Txopela: Ine ndimadziwa ikachedwa, makasitomala amandiimbira ali ku Maputo asanakwere. Ndizilemba muno kuti yanyamuka, inu muziwerengera maola awiri.

Aphunzitsi Nachisale: Mwaona, mwana wa mphenzi uja wagwira ntchito.

Mlembi wa gulu: Ndiye tigwirizane. Loweruka 16h pansi pa mlambe wa pafupi ndi mjigo. Ndikauza a sekeretale a bairo kuti asamve kwa ena. Madala Jere mubwere ndi pepala mudzatijambulire msewu wa ndege ndi malilime ake aja. Mmisiri Phiri mudzaone chipinda cha Mayi a Tadala mudzanene mtengo pamaso pa anthu, kuti musakweze. Chikondi utitumizire ndime ya mamita 100 ija m'Chipwitikizi momwe ilili.

Bambo a Dalitso (Moatize): Mukamaliza za ndege mubwere ndi makopewo kuno, tilembe za sitima.

Gogo Nangozo (Ulongwe): Mphasa za bango ndili nazo zinayi, ndipatsira wa chapa, minibasi ija, Lachisanu. Koma mtengo wa chapa mulipira nokha.

Mayi a Tadala (Chingodzi): Zikomo agogo. Kope sindinagule koma ndayamba kuseri kwa kalendala. Lachitatu, 15h10, yotera. Tadala ndinamusamutsira kuchipinda chakuseri, pa matumba a chimanga. Wadzuka, walira pang'ono, wayamwa, wagonanso. Kapu imodzi yagwa m'kabati.

Yohane wa Txopela: Imeneyo inachedwa ndi mphindi 40. Mayi a Chisomo, nyemba zili bwanji?